Tikuphunzira kujambula nyumba, koma za anthu okhalamo bwanji?

Tsindwi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili chaka chachinayi pa maphunziro ojambula mapulani a nyumba. Ndili chaka chachiwiri amalume anandipempha kuti ndiwajambulire nyumba yoti akakhalemo kumudzi akapuma pantchito. Ndinadzipereka zedi: zipinda zitatu, balaza lalikulu, khitchini yamkati yokhala ndi sinki, bafa ndi chimbudzi mkati momwemo. Nyumba inamangidwa. Tchuthi chapitachi ndinapita kukaiona koyamba anthu atalowamo, ndipo manyazi anandigwira.

M'khitchini muja mwadzaza matumba a chimanga ndi njinga. Akazi awo a amalume amaphika panja pa mafuwa, m'kakhitchini ka zidina komwe anamangitsa okha kuseri. Akuti mkati muja ukamaphika suona yemwe akudutsa, ana sungawayang'anire, ndipo woti ucheze naye palibe. Khonde ndinaliika kutsogolo, lopapatiza, loyang'ana kolowera dzuwa. Ikangokwana 2 koloko palibe angakhalepo, aliyense amakokera mpando pansi pa mango. Koma chinandibaya kwambiri ndi agogo. Ndinawakonzera chipinda chawochawo cha windo lalikulu. Anagonamo masiku awiri, n'kubwerera m'kanyumba kawo kaudzu kodontha. Nditawafunsa anangoti, "Mmenemo tulo sitibwera mwanawe. Kuno ngakhale mumdima ndimadziwa pomwe pali chilichonse."

Zaka zinayi zonsezi taphunzira konkire, madenga, mbiri ya nyumba za ku Greece ndi Roma, koma sitinakhalepo pansi n'kufunsana kuti munthu amamva bwanji akalowa m'chipinda, kapena chimene chimam'mangirira pamalo n'chiyani. Ndamva kuti kwina amaphunzitsa environmental psychology (mmene malo amakhudzira maganizo a munthu) ndi place attachment (kumamatira kwa munthu pamalo) kwa ojambula nyumba. Kodi zimenezi zikuyenera kulowa m'silabasi, kapena ndi zongophunzira ndi ukulu?

Kalulu_QS
Amalumewo analipira pulaniyo? Ngati sanalipire musadandaule, pulani yaulere imathera kusungira chimanga.

Tsindwi
Anandipatsa nkhuku, a Kalulu.

Kalulu_QS
Ndiye nkhukuyo mubweze.

MmisiriWakale
Mwana wanga Tsindwi, ine sukulu yanuyo sindinapiteko, koma ndagwira chipande zaka zoposa 30, ndiye ndikuuzeni chimodzi. Ndinamangapo nyumba ku Lilongwe, pulani yokongola, ya munthu wophunzira. Ukalowa pakhomo lalikulu umafikira pakakolido kakang'ono, kenako umakhota kumanja kuti ulowe pabalaza. Wojambulayo anati n'cholinga choti wodutsa panja asaone mkati. Ndinamanga monga zinalembedwera. Patapita zaka zingapo mwini nyumbayo anatisiya. Usiku wa siwa anandiimbira foni kuti madala bwerani ndi hamala. Bokosi linakanika kukhota pakakolido paja. Achinyamata ankati tiliimike chilili tilowetse, amayi analira kuti zimenezo ayi, bambo athu sangalowe m'nyumba yawo choimirira ngati katundu. Tinachotsa windo lonse la pabalaza ndi zitsulo zake, anthu ali gwa panja akuimba. Kuyambira tsiku limenelo pulani iliyonse ikandipeza ndimayamba ndayenda ndi chala kuchokera pageti mpaka pabalaza, n'kudzifunsa kuti anthu asanu ndi mmodzi atanyamula bokosi adutsa bwanji. Ojambula ena amakwiya ndikawauza. Koma nyumba ya Mmalawi tsiku lina idzakhala nyumba ya maliro, amayi mkati, abambo panja pamoto. Ngati pabwalo palibe pokolezera motowo, nyumbayo siinathe.

Nachisale_Kawale
Eee madala, mwandikumbutsa kwa mlamu wanga. Zomwezo ndendende, ife tinachita kutulutsa masofa pawindo.

Injiniya_Ndix
Ndilankhuleko zosakoma. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa timamva kuti madenga a sukulu asasuka, makoma agwera ana. Ndaonapo omaliza maphunziro osatha kuonetsa mmene denga limangiriridwira ku ring beam. Inu mukuti tiwonjezere kosi ya momwe munthu amamvera mumtima? Silabasi ndi yodzaza kale. Choyamba nyumba iime, isaphe munthu. Za tulo ta agogo zibwere pambuyo.

Mphunzitsi_Situdiyo
A Injiniya, pa denga sindikutsutsani. Koma musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ndakatulo chabe. Ndi kafukufuku woti munthu amayeza n'kuwerenga.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Roger Ulrich, chomwe chinatuluka mu 1984. Anatenga mafayilo a odwala 46 omwe anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Theka linagona m'zipinda zomwe windo lake linkayang'ana mitengo, theka linkayang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo anatuluka msanga, pafupifupi tsiku limodzi patsogolo pa anzawo, ndipo anamwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Windo lomwelo, ndalama zake zomwezo, kungosiyana chomwe linayang'ana.

Za kumamatira pamalo, yemwe anatsegula anthu maso ndi Marc Fried. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mzinda wa Boston unagwetsa dera la West End ponena kuti ndi lauve, anthu n'kuwamwaza. Fried anawatsatira komwe anapita. Anapeza kuti ambiri, makamaka amayi, ankalira malo aja monga munthu amalirira m'bale womwalira, ena kwa zaka, ngakhale ena mwa iwo anapeza nyumba zabwinopo kuposa zakale. Okonza mzinda ankawerenga mabafa ndi mapaipi. Anthu ankawerenga anansi, sitolo ya pakona, masitepe omwe ankakhalapo madzulo.

Tsopano a Tsindwi, funso lanu ndiliyankhe chonchi. Kosi yapayokha, ya lachitatu masana, yolemba mayeso kamodzi, ine sindiikhulupirira. Ophunzira adzaloweza mayina a akatswiri a nkhaniyi monga Yi-Fu Tuan ndi Irwin Altman, adzakhoza, lachinayi adzabwerera ku situdiyo, kalasi yojambulira mapulani, n'kujambula khonde loyang'ana kumadzulo lomwelo. Wophunzira wa ntchito yathu amasamala chinthu chomwe chili ndi malikisi ku situdiyo basi. Ndiye zilowe mmenemo. Asanagwire pensulo apite pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo, alembe pomwe anthu akhala, pomwe achapira, njira yomwe adula okha mu udzu. Ndipo chachikulu, chomwe inu mwachita mosadziwa: kubwerera kukaona nyumba anthu atakhalamo chaka. Kunja amati post-occupancy evaluation. Ojambula ambiri, kuno ndi kunja komwe, nyumba amaijambula chithunzi tsiku lopereka makiyi, isanalowe mbiya, ndipo sabwereranso.

Injiniya_Ndix
Odwala 46 a chipatala chimodzi ku America, n'kusinthira silabasi yonse?

Mphunzitsi_Situdiyo
Ndi ochepadi, mwanena zoona. N'chifukwa chake ndikuti ophunzira athu azikayeza okha kuno, osangobwereza za eni.

Namwino_Usiku
Mundilole ndilowepo ngakhale sindine wa zomangamanga. Ine za windo sindikudziwa, koma zomwe ojambula zipatala amaiwala ndikuzidziwa bwino: gadiyani. Kuno wodwala sabwera yekha. Amabwera ndi mayi ake kapena mchemwali wake, wonyamula mphika, ufa, nkhuni, ndowa ndi mphasa. Pulani imakhala ndi mabedi, chipinda cha anamwino, sitolo ya mankhwala. Munthu uja womutembenuza wodwala usiku, womusambitsa, womuphikira phala, papepala palibe. Ndiye amagona pansi pa bedi kapena pakolido, ife n'kumamulumpha ndi jakisoni m'manja. Zovala amayanika pa maluwa. Kenako akuluakulu akabwera amati anthuwa ndi osasamala. Osasamala ndani pamenepa?

Pitani mukaone pa chipatala cha Kasungu pomwe amayi oyembekezera amadikirira. Ojambula nyumba a bungwe la MASS Design Group anamaliza malo amenewo mu 2015. M'malo momanga chiholo chimodzi chachitali chondandalika mabedi, anamanga timanyumba ting'onoting'ono ta mabedi ochepa, tozungulira mabwalo, madenga otuluka kwambiri kuti pakhale mthunzi wokhalapo. Anatengera mmene mudzi umakhalira. Mayi wochoka kumudzi kudzakhala milungu ingapo pamalo achilendo amafuna pokhala ndi anzake, pomwe angasende mtedza akucheza.

Mbiyang'ambe
Pepani ndikhotetsako pang'ono. Wojambula Lilongwe anali ndi maganizo otani potipatsa manambala m'malo mwa mayina? Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Mlendo amaganiza kuti n'zoyandikana, amakwera minibasi yolakwika.

Nachisale_Kawale
Koma anthu sanagonje. Ku 49 kuli Dubai, kuli Baghdad. Amenewo anawalemba papulani ndani? Ndipo palibe amakulozera ndi nambala ya puloti. Amati mutsike pa chigayo, mukhote pomwe pali amayi ogulitsa makala, geti yakuda.

Mbiyang'ambe
Mageti onse ndi akuda kumeneko.

WakuBT_Weniweni
Lilongwe si tauni, ndi midzi yomwe inalumikizidwa ndi maraundabauti. Bwerani ku Blantyre muone mayina okhala ndi mbiri. Pa Wenela lero timakwererapo mabasi, koma dzinalo ndi la bungwe lomwe linkatenga agogo athu kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Bungwelo linatha kalekale, dzina lili pompo. Ginnery Corner chimodzimodzi, thonje lake ndani analiona?

Nachisale_Kawale
Mbiri yokhayokha, misewu yopapatiza ngati njira ya kudimba.

Mphunzitsi_Situdiyo
Musakangane, mwalowa kale m'phunziro. Kevin Lynch anachita zomwezi ku Boston, Jersey City ndi Los Angeles, buku lake n'kutuluka mu 1960: ankapempha anthu wamba kuti amujambulire mapu a mzinda wawo kuchokera m'mutu. Zomwe munthu wajambula ndi zomwe wasiya zimakuuza mzinda womwe iye amakhalamo, wosiyana ndi wa ku ofesi ya mapulani. Ntchitoyi siifuna ndalama, pepala ndi pensulo basi. Ndinaiyesapo ndi ophunzira pamsika wina. Mayi wina wogulitsa tomato sanajambule msewu ngakhale umodzi. Anajambula mpopi, mtengo wa mthethe, chimbudzi cholipiritsa, ndi malo ena omwe anawadetsa ndi pensulo n'kunena kuti apa sitidutsapo kukada. Pa mapu athu pamenepo panali polembedwa kuti malo opumira.

Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ndipo inajambulidwa ndi maganizo a munthu woyenda pagalimoto, madera otalikirana, tchire pakati. Woyenda pansi kuchokera ku Kawale kupita ku Capital Hill ndiye amaudziwa mtunda wake.

WakuChigwa
Ndimangowerenga, koma nkhani ya agogo a Tsindwi yandifika pamtima chifukwa kwathu ndi ku Nsanje. Madzi akasefukira, monga mu January 2015 pomwe anthu oposa 200,000 anasowa pokhala, mawu amakhala amodzimodzi: anthu a kuchigwa ndi osamva, asamukire kumtunda. A m'tauni amalemba pa Facebook kuti timakonda zolandira. Abale anga, ndikufotokozereni. Dothi lomwe madzi amasiya ndi lomwe limatidyetsa. Madzi akaphwa timadzala chimanga, mbatata ndi nyemba osathira feteleza, timakolola pomwe a kumtunda akudikira mvula. Nsomba zili pompo. Manda a makolo ali pompo. Mfumu ikasamuka ndi anthu ake kupita m'dera la mfumu ina, kumeneko ndi mlendo, ufumu wake watsala m'madzi. Azakhali anga anapatsidwa nyumba ya malata kumtunda, yabwino ndithu. Munda uli mtunda wa maola awiri. Panopa malata aja amagonamo nthawi ya mvula yokha, miyezi ina yonse ali m'chisakasa kudimba. Amene anajambula mudzi watsopanowo akanangogona kwathu sabata imodzi, akanayamba wafunsa za munda asanafunse za kukula kwa windo.

NaBanda_Leeds
A WakuChigwa, ndikumva, koma ndikane pang'ono. Mawu oti kukonda malo amakoma pakamwa pa anthu ophunzira, koma amapha. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatenga anthu oposa 1,000. Ku Chilobwe matope anatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja athunthu. Mukanawafunsa sabata imeneyo isanafike, ambiri akananena kuti pano ndi pathu, tinazolowera. Ndikuopa kuti tikaphunzitsa ana athu kulemekeza kwambiri zoterezi, adzaopa kuuza munthu kuti apa musamangepo. Nthawi zina katswiri ayenera kunena ayi.

WakuChigwa
Achemwali, za Chilobwe si zofanana ndi zathu. Amene anamanga m'phiri sanamange chifukwa cha manda a makolo, anamanga chifukwa puloti yotsika mtengo inali kumeneko ndipo ntchito ili pafupi. Ndipo ine sindinanene kuti anthu asasamuke. Ndikuti ukafuna kuti asamuke n'kukhazikika, dziwa chomwe chikuwabweza. Ukapanda kudziwa umangomanga nyumba zosungiramo mbuzi.

NaBanda_Leeds
Apo ndiye tagwirizana theka.

Mphunzitsi_Situdiyo
Nkhani imeneyi anthu anaitsatira kwa nthawi yaitali pafupi pompa. Pomanga damu la Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi, mbali ya Zambia ndi ya Zimbabwe. Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kuwafufuza asanasamuke n'kuwatsatira zaka makumi angapo. Zomwe a WakuChigwa akunenazi, minda ya m'mbali mwa mtsinje, manda, maufumu osokonekera, zonse zili mmenemo. Chimandidabwitsa n'chakuti wophunzira wathu amadziwa za Boston koma za Kariba sanamvepo.

Kalulu_QS
Nonse mukuyankhula ngati kasitomala ndi agogo a Tsindwi. Kasitomala weniweni amabwera ndi chithunzi pafoni, amati ndikufuna ngati iyi. Nyumba ya ku Dubai, magalasi okhaokha, denga lobisika, khonde ziro. Ukamuuza za mthunzi ndi mphepo amati mukufuna ndizioneka ngati ndikukhala kumudzi? Ukakakamira amapita kwa mnyamata wa laputopu yemwe amujambulira pamtengo wochepa. Psychology yanuyo mudya?

MmisiriWakale
Denga lobisikalo ndi lomwe likutidyetsa ife. Chaka chachiwiri amatiitana kudzamata podontha.

Joni_Tembisa
Ine ndimaona kuti a Kalulu akunena zoona mbali imodzi, koma chithunzi cha pafonicho nachonso ndi psychology. Munthu anakula akunyozedwa chifukwa cha nyumba yaudzu, lero wapeza ndalama, akufuna nyumba yolankhula kuti ndinatuluka. Wojambula wanzeru samuseka, amamupatsa kutsogolo kolankhula kuja, kuseri n'kumuikira bwalo lomwe azikakhalako zenizeni.

Kuno ku Joni ndimakhala kuseri kwa nyumba ya RDP. Boma linamanga timanyumba tofanana mizeremizere, kalikonse pakati pa puloti yake. Pitani lero mukaone. Kuseri kuli zipinda za lendi, kutsogolo kuli kashopu kapena saluni, kanyumba koyamba kaja sikaonekanso. Anthu anamaliza okha zomwe pulani sinaganize. Ku Chile kuli wina, Alejandro Aravena, yemwe anayamba waganiza zimenezi. Ku Iquique cha m'ma 2004 anamangira mabanja pafupifupi 100 pamalo pomwe ankakhala kale m'zisakasa, m'malo mowaponya kunja kwa tauni komwe malo ndi otsika mtengo. Ndalama zitachepa chifukwa cha malowo, anamanga theka la nyumba, mbali yovuta ya khitchini, bafa ndi masitepe, n'kusiya mpata woti aliyense adzawonjezere yekha. Ife Amalawi timamanga chonchi kale, chipinda chimodzi chaka chino, china mwana akayamba ntchito. Koma ndani amaphunzitsidwa kujambula nyumba yomwe idzakule zaka 15?

Chembere
Ana inu mwaiwala chimbudzi. Tsindwi, chimbudzi cha amalume ako chitseko chake chikuyang'ana kuti?

Tsindwi
Chikuyang'ana pabalaza, amayi.

Chembere
Basi. Ndiye apongozi akabwera kudzacheza, mkamwini ali pampando, iwo adzuke alowe mmenemo aliyense akuona, madzi akumveka? Sangayerekeze. Adzapirira mpaka kukada kapena adzapita kwa aneba. Ine kwa mwana wanga ku Area 47 ndimakhala masiku awiri okha, iye amaganiza kuti ndimathawa mkazi wake. Kale mudzi unali ndi nzeru zake. Anyamata akakula ankagona ku mphala, atsikana ku kuka kwa agogo awo, komwe ankalangizidwa zomwe mayi sanganene kwa mwana wake. Lero mwaika onse m'kolido imodzi, zitseko zoyang'anana, mtsikana wotha msinkhu akuchoka kubafa ndi chitenje akukumana ndi bambo ake. Mabuku a azungu anuwo zimenezi alemba?

Mphunzitsi_Situdiyo
Sanalembe, amayi, ndipo apa ndi pomwe ndimachenjeza anzanga ofuna kungotenga silabasi ya kunja n'kuimata. Zambiri za m'mabukumo anaziyeza pa anthu a ku America ndi ku Ulaya. Iwo akamati privacy amanena munthu mmodzi kutseka chitseko. Kwathu nkhani ndi yakuti ndani sayenera kuonana ndi ndani, nthawi iti. Njira zofufuzira tingabwereke. Mayankho ake ali ndi a Chembere.

Injiniya_Ndix
Ndiye muwalembe ntchito a Chembere azikaphunzitsa.

Mphunzitsi_Situdiyo
Mukuseka, koma tsiku loonetsa mapulojekiti nditakhala ndi mphamvu ndingaike a Chembere, a MmisiriWakale ndi a Namwino pa tebulo la oweruza. Panopa timaweruzana tokhatokha, ojambula kuyamikira ojambula.

Fisi_Wamkulu
Chenjerani naye wojambula wokonda chikhalidwe kuposa eni ake. Hassan Fathy ku Egypt, m'zaka za m'ma 1940, anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor, wa zidina, madenga ozungulira, wokongola moti mpaka lero ophunzira amaujambula m'makope. Boma linkafuna kuchotsa anthu omwe ankakhala paphiri pakati pa manda akale a mafumu. Anthuwo ambiri anakana kusamuka, ntchito inaima isanathe. Munthu wankulu uja ankakonda dothi ndi luso la makolo, koma moyo wa anthuwo unali paphiri paja. Ndimaona zomwezo kuno. Wina wochokera kunja kapena ku yunivesite amafika pamudzi n'kumati mangani ndi dothi, n'chikhalidwe chanu, iye akugona m'nyumba ya simenti.

Joni_Tembisa
Koma Francis Kéré zinamuyendera ndi dothi lomwelo.

Fisi_Wamkulu
Zinamuyendera chifukwa Gando ndi kwawo. Anaphunzira ku Berlin, n'kubwerera kukamanga sukulu ya pulayimale m'mudzi momwe anabadwira ku Burkina Faso, inatha mu 2001. Anthu a m'mudzimo ndi omwe anaumba ndi kumanga. Denga lamalata analikweza pamwamba kuti mphepo izidutsa pansi pake, chifukwa iye mwini anakhalapo m'kalasi yotentha ali mwana. Mu 2022 analandira mphoto yaikulu ya ojambula nyumba yotchedwa Pritzker, woyamba wochokera ku Africa. Kutentha kwa m'kalasi sanakuwerenge m'buku. Funso ndi lakuti mwana wokulira ku Namiwawa, wopita kusukulu pagalimoto, mungamuphunzitse bwanji zimenezo?

Mphunzitsi_Situdiyo
Pomutumiza kukakhala m'kalasi ya malata mwezi wa October, 1 koloko masana, ana 100 ali mmenemo, thermometer ili m'manja. Ola limodzi lokha. Sadzaiwala.

Kalulu_QS
Transport ya ulendowo alipira ndani? Ndikufunsa monga QS, wowerengera ndalama za zomangamanga.

Mbiyang'ambe
Sukulu ya pulayimale ili paliponse a Kalulu, apite wapansi.

NaBanda_Leeds
Chinanso chomwe sitinakhudze. Kukonda malo kuli ndi mbali yake yonyansa. Mawu oti pano ndi pathu ndi omwewo amabala mawu oti obwera. A Joni_Tembisa akudziwa zomwe abale athu amakumana nazo kumeneko. Kunonso ku UK anthu amakana nyumba zatsopano m'dera lawo ponena kuti zisintha maonekedwe a malo, pomwe chenicheni sakufuna anthu ena. Ngati muphunzitsa zimenezi, muphunzitsenso kufunsa kuti malowa akukondedwa ndi ndani, ndipo ndani sanafunsidwe. Pamsonkhano wa pamudzi amayankhula ndi amfumu ndi abambo. Wotunga madzi ndi wophika ali kumbuyo chete.

Joni_Tembisa
Zoona achemwali. Zaka 11 ndili pano, mtima sunakhazikike. Ndalama zonse ndikumangira kwathu nyumba yomwe ndagonamo masiku osakwana 30.

Chembere
Kwanu n'kwanu mwanawe, mthengo mudalaka njoka. Koma chimbudzi uike kumbali.

Injiniya_Ndix
Chabwino, ndafewa pang'ono. Kosi yatsopano ndikukanabe. Koma zoti wophunzira aliyense asanamalize abwerere ku nyumba imodzi yomangidwa kale, akaone podontha, pong'aluka, komanso momwe anthu akuigwiritsira ntchito, n'kulemba lipoti, zimenezo ndingasainire. Bola denga likhale tsamba loyamba.

Tsindwi
Zikomo nonse. Ndaganiza kuti pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ikhale pa nyumba ya amalume yomweyo. Ndikakhalako milungu iwiri, ndizikalemba ola lililonse yemwe ali pati ndipo akutani, ndikajambulenso kanyumba ka agogo ndi zonse zili mkatimo, poti mpaka pano sindinakayezepo n'kamodzi komwe. A MmisiriWakale, khonde lija tingalikonze osagwetsa khoma?

MmisiriWakale
Lakutsogololo lisiyeni, ndi la alendo. Mangani lina mbali yomwe kuli mango, lotambalala mamita awiri ndi theka kuti mphasa iyalike munthu n'kudutsabe, ndipo lilumikize chitseko chakuseri ndi kakhitchini ka mayiwo kuti mvula ikamagwa asanyowe ndi mphika. Musawagwetsere kakhitchiniko. Za agogo, musawakakamize. Pitani ndi mitolo ya udzu ndi pulasitiki mukafolere kanyumba kawo mvula isanayambe. Udzu gulani mwezi uno, ukafika October ukwera mtengo.

Kalulu_QS
Malata a khondelo ndikuwerengerani ine. Mtengo wanga ndi nkhuku ija.